Chaka Chimene Ndinalembedwa Ntchito Yoseketsa Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinalembedwa ntchito yanga yoyamba, ndipo inu anzanga a pa siteji ya njinga zamoto pa Makwasa, amene mumati nkhani zanga muyambe mwazidula pakati kenako theka lotsalalo mutaye, iyi mukhulupirire kapena musiye, zanu izo. Ntchitoyo inali yoseketsa munthu amene akumwalira. Bwana wake anali ababa, ofesi yake inali pansi pafupi ndi chinsalu, malipiro kunalibe.

Tinkakhala kumalayini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi zija zimene mnzako akayetsemula kwake iwe umapukuta mphuno kwanu. Yathu inali chipinda chimodzi chodula pakati ndi chinsalu cha maluwa ofiira. Ababa ankathyola tiyi. Anali munthu woti ukawauza nkhani yoseketsa amangokuyang'ana mpaka iwe mwini uyambe kupepesa. Amayi ndiye ayi. Amayi akaseka nkhuku za layini yachitatu zinkathawira m'tiyi. Chabwino, za layini yachiwiri. Ine bodza ndinaliphunzira chifukwa cha iwo, poti nkhani yoona ankangomwetulira, koma ukaithira mchere pang'ono ankagwira m'nthiti n'kumati ndisiye ndiwapha.

Matenda anayamba ndi kutsamwa. Chinangwa chinayamba kukana kutsika, kenako mbatata, kenako phala lenilenilo. Ababa anapita nawo kuchipatala, kumeneko anawatumiza ku Blantyre, ndipo anabwerako ndi dzina la matendawo, khansa ya kummero. Madokotala anati yafika kale patali, chotsala n'kuwasamalira kunyumba kuti asamamve ululu. Ine pa zonsezo ndinangomvapo mawu oti kunyumba, ndiye ndinapita kukalengeza pa mpope kuti amayi atuluka, achira.

Abale awo a ku Chimaliro anabwera kudzawatenga, poti kwathu kuno mkazi akadwala chotere amakadwalira kwawo, m'manja mwa eni ake. Amayi anakana. Nthawi imeneyo mawu awo anali atasanduka kanong'onong'o, koma kukanako kunamveka bwinobwino. Anati kumene kuli amuna awo n'kumene akhale. Amayi aang'ono anakhala nafe pang'ono, kenako munda unawaitana, anapita atatenga kamlongo kanga. Tinatsala atatu.

Azimayi a kutchalitchi ankabwera ndi madzi ndi nkhuni, ndipo masana mayi wa nyumba yoyandikana ankasuzumirako. Koma kusambitsa, kutembenuza, kuchapa nsalu, zimenezo ababa sanalole munthu. Anthu analankhula. Ankati mwamuna wamtundu wanji wosambitsa mkazi azimayi ali pomwepo, ena n'kumati anadyetsedwa. Iwo ankangodutsa ndi beseni lawo ngati akunena za munthu wa ku Mulanje. Ntchito sakanaisiya, chifukwa nyumba inali ya kampani, ukasiya dengu wasiyanso denga. Ndiye m'mawa ankawamwetsa amayi mankhwala obiriwira aja amene anesi ankabweretsa pa njinga yamoto, oyezera m'jakisoni wopanda singano, n'kunyamula dengu kupita kumunda. Akapimitsa masamba kusikelo madzulo, sankaima n'komwe pa bawo. Ankafika zala zili bii ndi utomoni wa tiyi, n'kutenthetsa madzi, n'kulowa kuseri kwa chinsalu.

Nthawi imeneyo ndi imene inali yovuta. Thupi la amayi linali litatha, ndiye kuwatembenuza kokha kunkawawa. Kulira sankalira poti mawu analibe, koma kapumidwe kake ukakamva, ankakhala ngati munthu akukoka mpweya kudzera m'bango. Ine ndikamva madzi akuthiridwa m'beseni ndinkapeza pothawira. Kuseri kwa chinsaluko sindinkalowako. Anzanga ndakhala ndikukuuzani kuti ababa analetsa. Tizisiye kaye pamenepo.

Tsiku lina ababa anandigwira ndili pakhomo, mwendo umodzi uli kale panja.

"Iwe Limbani, pakamwa pakopo lero pagwire ntchito. Khala apa, uziwauza mayi ako mabodza ako aja mpaka nditamaliza."

Anawapatsa amayi sipuni ndi kapu yachitsulo, akuti akaseka azigogoda. Ndinakhala pansi nditatsamira khoma, chinsalu chikundikhudza paphewa, n'kuyamba ndi ya nsato imene inalowa m'dengu la mayi wina, kusikelo anaipima pamodzi ndi masamba, ndipo akapitawo anamuyamikira mayiyo pamaso pa anthu onse kuti ena atengerepo chitsanzo. Ndisanamalize kapu inalira, ngwe ngwe ngwe. Aise, ndakhala ndikuombedwa m'manja m'maukwati, koma palibe chinandikomerapo ngati kulira kwa kapu imene ija.

Kuyambira pamenepo tsiku lililonse inali ntchito. Ndinawauza za galu wa amanijala amene ankamva Chingerezi chokha ndipo ankapita kutchuthi chaka chilichonse. Ndinawauza za thirakitala yonyamula masamba imene inathawa yokha kutsikira kudamu n'kubwerako ndi nsomba m'ngolo. Chiperoni chitayamba, ndinawauza za chifunga chimene chinalimba mpaka mayi wina anayanikapo zovala, dzuwa litatuluka zovala zinapita nacho ku Mphuka. Mkatimo madzi ankamveka khuvu khuvu, ababa n'kumanong'ona kuti pepani amake Limbani, pang'ono pokha, tatsala mbali iyi. Ine n'kumakweza mawu kuti ndisamve zimenezo.

Koma penapake m'mutu mwanga munalowa kanthu koipa. Ndinayamba kukhulupirira kuti kapu ikalira, amayi afika mawa. Palibe anandiuza zimenezi, ndinangozipangana ndekha ndi mtima wanga. Ndiye tangoganizani mwana wa sitandade faifi atasenza moyo wa mayi ake pa lilime. M'kalasi aphunzitsi akulemba pa bolodi ine ndili kalikiliki kusaka nkhani ya madzulo. Pobwerera ndinkadutsa m'tinjira ta m'tiyi ndikuyeserera ndekha mokweza, anthu othyola n'kumati mwana wa amake Limbani wayamba misala. Nkhani ikandivuta kumapeto, nsima ya masana ndinkaisiya m'mbale. Ndinafika poba nkhani za anzanga, pomvetsera za oledzera pa golosale, chilichonse choti ndikaponye kuseri kwa chinsalu.

Ndipo kapu inayamba kufooka. Ngwe zitatu zija zinasanduka ziwiri, kenako imodzi, yochedwanso, moti ndikamaliza nkhani ndinkaleka kupuma kudikira. Tsiku lina sinalire. Ndinabwereza mapeto ake, zii. Ndinawonjezera nsato yachiwiri, zii. Ndinayamba ina, ndikuganiza kuti basi ndawapha amayi ndi nkhani yosakoma. Mpaka ababa anatulutsa mutu n'kunena kuti agona, ndipite ndikatunge madzi.

Mawa lake kapu inalira mwamphamvu ngati belu la kufakitale. Ndinasangalala masiku angapo, ndikuti mankhwala agwira. Koma ine ntchito yanga ndimaidziwa. Kapuyo inkalira malo olakwika. Ndikangoti kunali galu wina, ngwe ngwe ngwe, galuyo asanachite kalikonse. Pofika poseketsa penipeni, zii. Tsiku lina ndinayesa dala, ndinati dzulo kunagwa mvula, basi, osawonjezera kanthu. Kapu inalira ngati ndanena nkhani ya chaka. Pa esiteti yonse munthu mmodzi yekha ndi amene akanaseka nkhani ya mvula n'kuphonya ya nsato.

Ababa ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuyanika zofunda pa waya, ndipo ndinawafunsa nditayang'ana pansi ngati akugogoda kapu ndi iwo. Sanakane. Anafinya nsalu ina mpaka madzi anatha, ndiye anati dzanja la amayi silikuthanso kunyamula sipuni, ndipo ataona nkhope yanga tsiku limene kapu sinalire, anati bola azigogoda okha. Ndinafunsa ngati amayi amamvabe nkhanizo. Anati pena amamva, pena mankhwala amawatenga.

"Koma chimene akufunsa si nkhani," anatero. "Tsiku lililonse akumati, mwana uja wakula bwanji? Amva mawu ako miyezi yonseyi, nkhope yako sanaione. Masiku atsala ochepa, Limbani. Ine sindikukoka, ulowe wekha."

Tsopano apa ndi pamene inu anzanga mumadziwa mapeto ake. Ndimakuuzani kuti ndinakankha chinsalu ngati mwamuna, n'kuima pakati pa chipinda, n'kuponya nkhani ya nsato yokonzedwanso, amayi n'kuseka kuseka kwawo komaliza, kwakuti agalu a kwa amanijala anauwa. Ena mwa inu munagwetsako misozi, ndinakuonani, ndipo mmodzi anandigulira fanta.

Zoona zake ndi izi. Ababa sanandiletsepo kulowa, ngakhale tsiku limodzi. Ndinkaopa ine. Ndinawaonapo amayi kamodzi chinsalu chitakupizidwa ndi mphepo, mkono uli ngati kamtengo ka mwendo wa mpando, ndipo kuyambira pamenepo ndinkagona nditayang'ana kukhoma. Fungo la m'chipindamo, la mankhwala ndi sopo ndi kanthu kena kamene sindikadziwa dzina, linkandithamangitsa. Nkhani zonse zija zinali zabwino chifukwa zimanenedwa munthu ali kunja.

Ndinalowa mawa lake madzulo, inde, koma chokwawa, maso nditatsinzina kuti gwa. Ababa anati palibe chifukwa cha nkhani lero, anandiika botolo la mafuta odzola m'manja, akuti mapazi a amayi akumazizira, ndiwasisite. Ndinafufuza m'mphepete mwa bulangete mpaka ndinagwira phazi. Mtima wanga unasweka pomwepo. Phazi la amayi anga, limene linali losalala, matenda anali atalisandutsa khungwa la bulugamu. Lotupa, lolemera ngati njerwa, chidendene chili ming'alu yoti mutha kudzalamo nyemba, chikhadabo chachikulu chopindika. Ndinathira mafuta theka la botolo. Ndinasisita chala chilichonse ndikulira mamina ali chuu, ndikuti pepani amayi, sindimadziwa kuti zafika pamenepa, pepani, khansa yakuonongani phazi.

Kenako bulangete linayamba kugwedezeka, ndipo ndinamva kamawu ngati ketulo ikamayamba kuwira, hii, hii, hii. Ndinati basi akutsirizika, ndawapweteka. Mantha ake ndi amene ananditsegula maso.

Ababa anali atakhala kumbuyo kwa amayi, atawatsamiritsa pachifuwa pawo monga ankachitira kuti azipuma bwino, miyendo yawo itatambasuka uku ndi uku pansi pa bulangete lomwelo. Phazi limene ndinali nditalikumbatira, lonyezimira ngati chitumbuwa chongochoka m'mafuta, linali la ababa. Iwo anangokhala duu, nkhope ili ngati ali kusikelo. Ndipo amayi ankaseka. Mawu panalibe, koma mapewa ankadumpha, misozi ikutsikira m'makutu, maso ali pa ine. Anali ochepa kwambiri, mutu ngati wa mwana, koma maso aja anali omwewo, amene ankandiyang'ana ndikamanama kuti sindinabe shuga. Anatukula chala chimodzi kundikodola. Nditayandikira ananong'ona kuti ndatalika, kenako anati nditsirize phazi linalo, bambo anga angamayende mopendekeka.

Ndinatsirizadi. Ababa anatambasula phazi lachiwiri osaseka n'komwe. Kenako ndinapeza mapazi enieniwo, ang'onoang'ono, ozizira ngati mwala wa kumtsinje, ndipo ndinawasisita madzulo aliwonse masiku amene anatsala. Sanali ambiri. Ababa anandiphunzitsa kunyowetsa milomo yawo ndi kansalu, ndi kugwira mapewa iwo akamatembenuza chiuno. Nkhani sindinanenenso. Anamwalira Loweruka masana, ababa atangofika kuchokera kusikelo, ali chitsamire pachifuwa chomwecho.

Ndakhala ndikubisa mapeto amenewa chifukwa munthu wodziwika pa Makwasa ponse kuti ndi katswiri woseketsa, kuseka komaliza kwa mayi ake kunabwera iye akulirira chidendene cha bambo ake. Koma pano ndikamanyamula anthu opita kukaona odwala, ndimawamva m'njira akukonza mawu oti akanene, ndipo ndimadziwa chimene akuopa. Kulankhula ndi kophweka, umalankhula uli pakhomo, nsapato zili kuphazi. Ababa mawu analibe, ndipo miyezi yonse ija anali mkati, manja ali m'beseni. Ine ndinatsala pang'ono kuwaphonya amayi anga tikugona nyumba imodzi. Ababa alipobe, anapuma ntchito, ndipo mukafuna umboni pitani mukawafunse. Angokuyang'anani mpaka mupepese.