Tsiku limene Dona inakana asuweni

Ndinadzuka kunja kusanayere. Kunena zoona sindinagone, pajatu pa maliro munthu umangotsamira khoma n'kumamvera anzako akuliza mkonono. Unali mwezi wa Juni, kuzizira kwa ku Katete kolowa mpaka m'mafupa kuja. Amuna anali atazungulira zikuni panja, mabulangete ali kumutu. M'nyumba amayi a mpingo nyimbo zinali zitawathera, kunangotsala nkhalamba imodzi ikukoka vesi ngati mbuzi yokana chingwe. Atate anali gone m'bokosi pabalaza, amayi anga ali khale pambali pawo.

Usiku umenewo ndinaphunzira kuti kulira kuli ndi belu lake ngati kusukulu. Azakhali, alongo awo a atate, akangomva mapazi a alendo pachipata ankayamba kukuwa ndi kudzigwetsa pansi. Alendowo akakhala, iwo ankatseka kukamwa n'kufunsa ngati m'tiyi mwathiridwa shuga.

Ndinanyamuka ngati ndikupita kuseri, koma ndinalowa m'shedi momwe munkagona Dona.

Dona inali lole yakale ya nthawi ya atsamunda. Atate, omwe anali makanika, anaipeza pa munda wa fodya umene mzungu wina anausiya dziko litalandira ufulu. Nkhuku zinkaikiramo mazira. Anaikoka ndi ng'ombe mpaka kunyumba ine ndikungoyamba sukulu, ndipo inatha kukonzedwa nditalowa kale sekondale. Injini anaiphwasula yonse, chitsulo chilichonse n'kuchisambitsa m'palafini. Dzimbiri tinkapala ndi sandipepa, ndipo itasowa m'masitolo tinkakhula ndi mchenga wa kumtsinje ndi chiguduli. Anaipaka penti yobiriwira ngati fodya wamuwisi, kumbuyo n'kuyalako matabwa a mlombwa owala moti munthu ukanatha kudzionerapo nkhope. Pomaliza anachita chimene anachiona pa chithunzi m'magazini ina yokulungira misomali: anachotsako zitsulo zina pa masipuling'i kuti lole igwade. Inatsika kwambiri moti nkhuku inkachita kuwerama polowa pansi pake. Pa chionetsero cha zaulimi chaka chathacho, anthu anasiya ng'ombe ndi maungu kudzaunjikana pa Dona, ndipo chaka chimenechi atate ankafuna kupita nayo ku chionetsero chachikulu ku Chipata. Chibayo chinawatenga kutatsala masabata ochepa.

Abale awo ankaitcha Chibakha. Ankati lole yosanyamula ndi thumba limodzi lomwe la chimanga ndi misala ya munthu wokhuta. Koma thupi lisanazizire n'komwe, kiyi inali itachoka kale m'thumba la buluku la atate n'kulowa m'thumba la a Gelesomu.

A Gelesomu ndi asuweni anga, mwana wa azakhali aja. Mwa mwambo wathu katundu wa mwamuna amapita kwa mphwa wake, ife ana ake ndife a kwa amayi. Ndi chimunthu chachikulu, khosi ngati la nkhumba ya ku chionetsero, ndipo chifukwa anakhalapo kondakitala, ankadzitcha dalaivala. Pamoto usikuwo ndinawamva ndi makutu angawa akuuza amuna kuti aikamo masipuling'i a ngolo ya thalakitala, azule mlombwa, amange mitengo m'mbali, azinyamula thonje ndi nkhumba mpaka ku malire a ku Vubwi. Analengezanso kuti bokosi lipita kumanda pa Dona, ati kulemekeza amalume awo. Ine ndinadziwa kuti akufuna mudzi wonse uone mwini motoka watsopano.

Ndiye m'shedimo ndinatenga kamtengo ka machesi n'kuphwetsa tayala lililonse pang'ono, mosaoneka ndi maso. Kumbuyo kwa lole kunali mabokosi awiri a zida amene ankakhalanso ngati mipando. Ndinawadzaza ndi zitsulo zakutha zimene atate ankasunga pakona, zolemera kwambirizo, n'kutseka bwinobwino. Kenako ndinabwerera kumoto, nkhope ili ya mwana wamasiye.

Kutacha, utsi unadzaza bwalo. Amayi a m'mudzi anasanja migolo yodula pakati pa mafuwa, anyamata akusenda mbuzi kuseri kwa nkhokwe. Anthu anabwera pa njinga, pa ngolo, ena wapansi kuchokera mbali ya ku Mkaika, mapazi ali mbuu. Ambiri ankayamba asuzumira kumigolo asanalowe kukaona nkhope. Mwa onsewo, mmodzi yekha ndiye anabweretsa chinthu chimene atate akanachikonda. Anali Msilamu wina wa sitolo ya pamsewu waukulu, mnzawo wakale. Anafika ndi chigubu cha petulo, amene masiku amenewo ankasowa kuposa sopo, anathira yekha m'thanki, n'kuima kanthawi dzanja lili pa boneti.

Mlaliki anati malemu anali munthu wosakonda za pansi pano. Ankanena za munthu amene ankapukuta bampala ndi shati ya kutchalitchi Lamulungu m'mawa.

Mapemphero ali mkati ndinapita kwa asuweni, n'kunjuta mwaulemu.

"Asuweni, kodi akuluakuluwa ayende pansi inu muli ndi motoka?"

Anafufuma pomwepo. "Mfana iwe sukulu ikukupindulira. Kawaitane."

"Komanso njira ya kumudzi ija, kumene kuli manda, ndi yovuta. Muzingotsata m'mene mumapita mawilo a ngolo, osapatuka."

"Ukuphunzitsa ine kuyendetsa? Ndinayamba kukwera motoka iwe ukudya dothi."

Njira ya ngolo ili ndi makwawa awiri okumbika ndi mawilo, pakati pake pali msana wotukuka. Atate akamapita kumudzi ndi Dona sankalowetsa matayala m'makwawamo. Mbali ina ankaikweza pamsanapo, ina m'mphepete mwa udzu, n'kumayenda pang'onopang'ono. Asuweni sakanadziwa zimenezi, chifukwa zaka zonsezo anali otanganidwa ndi kuseka.

Akuluakulu okwera ndinawasankha ndekha. Sindinayang'ane imvi kapena udindo, ndinayang'ana mimba. Onse anakwera mokondwa, ena akukankhana ndi zigongono pambali pa bokosi, anthu omwewo amene ankati Chibakha.

Dzuwa litakwera tinanyamuka. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe, kamphepo kozizira kakungoulutsa fumbi. Amayi a mpingo anali patsogolo ndi nyimbo, Dona pakati, khamu pambuyo. Pa msewu wa miyala zonse zinayenda bwino, asuweni chigongono chili pawindo, akuliza hutala pa maliro ngati anyamula mkwatibwi. Titakhotera m'njira ya ngolo anachita monga ndinawauzira. Tinangodutsa minda ingapo, ndipo kunamveka khwee! pansi pa lole. Dona inakhala pamimba. Matayala ankazungulira, fumbi lili koboo, koma osasuntha.

Nyimbo inaduka pakati. Anthu anawerama kuyang'ana. Panalibe matope, panalibe mwala, panalibe chitsa. Ndiye mayi wina kumbuyo ananena motsitsa mawu, koma aliyense anamva:

"Maliro akana."

Kwathu zimadziwika kuti wakufa akakana kupita kumanda, ndiye kuti pafupi naye pali munthu amene sakumufuna. Zikatero mawu amakhala ndi adzukulu, okumba manda aja, ndipo iwo saopa munthu pa tsiku la maliro. Mkulu wawo, wamfupi wa mano otha, anakwera n'kugogoda bokosi, akuitana atate ndi dzina lawo.

"A Banda, tiyeni. Nyumba yanu takonza kale, ife manja atupa. Mukufuna tigone pano?"

Asuweni anaponda mafuta. Dona inangobuula.

"Chabwino," anatero mdzukuluyo. "Azitsika mmodzimmodzi, tione amene akununkha."

Apa ndiye ndinaona chionetsero choposa cha ku Chipata. Mkulu aliyense ankatsika, n'kuima chilili kuyang'ana matayala. Lole ikapanda kusuntha, ankapumira m'mwamba n'kuyamba kuyang'ana otsalawo ndi diso loweruza. Wina amene anabwereka kwa atate jeke yotukulira motoka osabweza anatsika akupemphera mokweza. Anatsika onse, bokosi n'kutsala lokha kumbuyo, koma Dona inali ikadali gwa.

Maso onse anatembenukira kutsogolo.

"Inu, motoka ingayende bwanji popanda dalaivala?" anatero asuweni, thukuta likuyenderera m'chisanu chonsecho. "Izi ndi za injini izi, si za mizimu."

"Tsikani bwana dalaivala," anatero mdzukulu. "Injiniyo tikambirana nayo ife."

Anatsika. Phazi lawo litangogunda pansi, masipuling'i analira, mbali yonse ya lole n'kudzuka ngati munthu amene watula mtolo. Adzukulu awiri anangoikapo manja, Dona n'kuyenda chambuyo mofewa ngati ili pa tala.

Kulira kumene kunabuka apo ndiko kunali koona pa tsiku lonselo. Amayi ena anathawira m'munda. Azakhali okha ndi amene anakhala duu, kukamwa kuli yasa. Asuweni anayesa kufotokoza za kulemera ndi za msewu, ndipo zimene ankanenazo zinali zoona ndithu, koma ndani akanamvera munthu amene wakanidwa ndi mtembo anthu onse akuona?

Panalibe amene ankafuna kugwira chiongolero. Mdzukulu uja anandiloza ndi chibwano. "Iwe mwana wake, tayesa. Mwina iwe sakudziwa zako."

Ndinakwera. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kukweza matayala a mbali ina pamsana wa njira, enawo m'mphepete mwa udzu. Dona inayenda osakhudza pansi mpaka pa mitengo ya kumanda. M'lolemo tinalimo awiri okha, ine kutsogolo, atate kumbuyo pa mlombwa wawo. Akuluakulu a mimba aja ankabwera wapansi m'fumbi lathu, akutsokomola. Ndinayendetsa pang'onopang'ono kwambiri, ndipo sichinali chifukwa cha msewu wokha.

Kumanda zinayenda mwachangu. Asuweni, amene anakonzekera kulankhula m'malo mwa banja, anaima kumbuyo kwenikweni, ndipo anthu anawasiyira malo aakulu mbali zonse. Pobwerera aliyense anakana kukwera, ngakhale opunduka mwendo.

Dzuwa likulowa azakhali anabwera kunyumba. Anazungulira kutali ndi shedi, n'kuima pakhomo osalowa.

"Mlamu, chinthu chija chikhale pompano. Alongo anga sanathane nacho. Mwana wanga ali ndi ana aang'ono."

"Mwanena ndinu eni ake," anayankha amayi, maso ali pansi.

Anthu anabalalika msanga kuposa m'mene zimakhalira pa maliro. Migolo inatsala chafufumimba, agalu akununkhiza m'phulusa. M'nyumba munatsala amayi ndi nkhalamba zochepa zodikira kumeta kwa m'mawa mwake, zikulankhula monong'ona. Pabalaza panali pongoyera pomwe panali bokosi.

Ndinatenga nyali n'kukwawira pansi pa Dona kuti ndione zimene msana wa njira unawononga. Ekizozi inali itaphwanyika pang'ono, penti itakalika m'mimba monse, koma zonsezo zinali zotheka kukonza chionetsero chisanafike. Ndili chagada pamenepo ndinakumbukira nkhope ya asuweni pamene masipuling'i analira, ndipo phwete linandigwira. Ndinaluma mkono wa juzi, thupi lonse likugwedezeka, mawu akutulukira m'mphuno.

M'nyumba manong'onong'o anasiya. Kenako ndinamva nkhalamba ina ikuti, "Msiyeni mwanayo alire. Wapirira tsiku lonse."

Palibe anabwera kudzandiona. Nditapuma, ndinakokera nyali pafupi n'kuyamba kumasula ekizozi.