Aloysius ndi Ringi Yotsika

Ku Bundabunda ukafunsa za Aloysius Sakala, anthu sayankha ndi pakamwa, amangokweza dzanja m'mwamba mpaka m'khwapa muoneke. Munthuyo anali wamtali moti polowa m'tchalitchi cha mishoni ankawerama, amayi achikulire n'kumamutama kuti ndi mwana woopa Mulungu. Mulungu wanji, ankaopa chipumi chake.

Basiketibo inabwera ndi wansembe wina wachizungu amene sanakhalitse. Anasalaza bwalo kuseri kwa sukulu, anazika milongoti iwiri ya bulugamu, anakhomerapo matabwa ndi maringi achitsulo, kenaka malungo anamubweza kwawo. Bwalo linatsala m'manja mwa ba Ackim, kalipentala wa mishoni, katswiri wa zitseko ndi mabokosi a maliro, koma za masewerawa mbuli yeniyeni. Chiswe nacho sichinkadziwa malamulo, chinkangodya. Mvula ikatha, ba Ackim ankazula mlongoti, kudula tsinde lodyedwalo, n'kuuzikanso bwinobwino. Chaka chilichonse chimodzimodzi. Palibe anaganizapo kuti ukamadula kunsi, ringi kumwamba ikutsika.

Aloysius ankangoona kuti luso likukula. Chaka chino zala zakhudza ringi, chaka chinacho chigongono chapitirira. Pomakwatira Clotilda n'kuti akuika mpira mu ringi ngati mmene mayi amaikira dzira m'dengu, mudzi wonse ukuimba nthungululu.

Masiku amenewo a chipani chimodzi, ligi yaikulu inali ya makampani a boma. A mabasi anali ndi timu yawo, a zigayo yawo, asilikali, apolisi, a migodi ku Kopala. Sankalipira munthu chifukwa choponya mpira, ankamulemba ntchito. Dzina ndiwe mesenjala, koma masana onse uli pabwalo, uli ndi nyumba ya kampani, sopo ndi saladi wophikira ukulandira kukhomo lakuseri anzako akupsa ndi dzuwa pamzere. Chaka chikamatha opambana a ku Lusaka ankakumana ndi opambana a ku Kopala. Kwa mwana wa mlimi amene analephera giredi seveni, khomo lotulukira m'munda linali lomwelo basi.

Itamveka mbiri yoti kampani ina yogaya ufa ku Lusaka ikuyesa osewera atsopano, Clotilda anamukazingira nshawa za panjira.

"Mukapatsidwa nyumba ya malaiti osaiwala kuti muli na mkazi," anatero.

Kochi wa timuyo, ba Sanford, atamuona akulowa m'holo ya kampani anakweza mutu ngati akuyang'ana ndege.

"Iwe, kumwamba uko kuli shani? Kuzizira? Gwira bola tione."

Aloysius anaponya. Mpira unadutsa pansi pa ukonde osakhudza kanthu. Anaponyanso, chimodzimodzi. Anathamanga, nadumpha kuti auike ndi dzanja monga kwawo, zala zinangopsompsona ukonde, iye n'kutera chagada pasimenti.

"Ba Bundabunda, muponyera nkhuku milisi?" anakuwa mnyamata wina, holo yonse inafa nacho chiseko.

"Bwana, ringi yanu mwaikweza maningi," anadandaula Aloysius.

"Ringi siikwera, mwana. Ni yamene iyi dziko lonse. Yanu ifika pati?"

Aloysius anakweza dzanja, napinda zala kusonyeza pamene ringi ya kwawo imalekezera. Ba Sanford anasiya kuseka. Anadula chingwe chofika pa ringi yeniyeni, namupatsa.

"Thupi uli nalo, koma manja unayaphunzitsa bodza. Yenda ukaiwale, ukabwere."

Atafika kumudzi sanayambe ndi kwawo, analunjika kwa kalipentala.

"Ba Ackim, mwanipha ine."

"Nakupha bwanji? Unali kufuna mlongoti ukugwere pamutu? Kafunse chiswe."

Aloysius anadula yekha bulugamu wamtali, anapaka tsinde oyilo wakuda wa thirakitala, anayeza ndi chingwe chija. Apa m'pamene anadziwa kuti kuiwala n'kovuta kuposa kuphunzira. Maso ankaona ringi yatsopano, manja ankaponyera yakale. Anzake anathawa bwalo, ati ringi ya Aloysius ndi ya angelo. Ankatsala yekha akaweruka kumunda, kuponya, kukatola, kuponya. Mpira unang'ambika, m'masitolo munalibe wina, anaumata ndi chubu cha njinga mpaka unkadumpha mokhota ngati chule. Ana anabadwa, fetereza anasowa, bondo lamanzere linayamba kulosera mvula. Clotilda anasiya kufunsa za malaiti.

Koma tsiku linafika loti manja anagonja. Mpira unayamba kulowa, lero, mawa, mkuja, ngakhale atatsinzina. Imvi zinali zitayamba m'ndevu. Anazimeta, nakwera lole ya makala kupita ku Lusaka.

M'holo muja anapeza matumba a ufa kuyambira pakhomo mpaka kukhoma. Ba Sanford analipo, atavala dasikoti ya wosunga katundu, mimba itatsogola.

"Aa, Bundabunda! Ukali moyo?"

"Bwana, manje nikwanitsa. Nipaseni chabe bola."

"Bola iti? Timu inasila kudala. Kopa ya ku migodi inagwa mtengo, kampani inati sitingadyetse anthu ojumpajumpa. Mu ligi mwasala masoja na mapolisi, ndipo uko nkhalamba safuna."

"Kamodzi chabe, bwana. Muone."

Ba Sanford anafunafuna m'kabati, mwina mwa chisoni, koma anangopezamo wezulo ndi pampu yothyoka. Anamuyang'ananso kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Utali uyu tingausebenzese. Masaka a pamwamba anyamata avutika nayo. Ni pisiweki, ganyu chabe, nyumba kulibe."

Aloysius anavula shati. Anaponya matumba masiku angapo, ndipo kunena zoona palibe thumba limene linaphonya. Mulu utafika pa ringi imene inali ikadali pakhoma, chitsulocho chinayamba kung'amba matumba, ufa n'kumatayika. Ba Sanford anamupatsa sipanala kuti aichotse. Aloysius anaimirira pa thumba limodzi, anamasula mabawuti, naipereka.

Ufa utatha kulongedwa ntchito inathanso. Anabwerera ku Bundabunda mvula yoyamba itagwa kale, anthu atadzala, munda wake wokha uli thengo. Clotilda anamuona akutsika lole ali mbuu ngati mzukwa, anangolowa m'nyumba kukamutengera khasu.