Mwamuna Wosafa Wopanda Nkhoswe

Mabuku a chikondi cha zinthu zosakhala anthu ndinayamba kuwakonda chifukwa cha kombi, minibasi za kuno. Munthu wokhala ku Chitungwiza koma wogwira ntchito ku Harare amathera theka la moyo wake atapanikizika pakati pa thumba la mbatata la wina ndi chigongono cha wina. Ine ndinapeza kuti ndikatsitsa maso pa foni n'kulowa m'dziko la amuna osanduka mimbulu ndi mafumu a pansi pa nthaka, msewu umafupika. Ndinkasoka makatani m'shopu ina m'tauni. Anzanga a pa makina ankandiseka kuti mkazi wa zaka makumi atatu ndi ziwiri akuwerenga za ana, koma ikakwana nthawi ya tiyi ndi iwo omwe ankandikoka malaya kuti ndiwauze ngati mtsikana uja wavomera.

Amayi analowa m'nkhanizi mwangozi. Maso awo anali atayamba kuchita chifunga ndi matenda a shuga, moti ngakhale buku la nyimbo ku tchalitchi ankangoligwira mwa chizolowezi. Loweruka masana ndinkakhala nawo pa tebulo lawo la tomato ndi masamba, pa geti pathu ku Unit K. Tsiku lina anandimva ndikuseka ndekha.

"Ukuseka ndi ndani m'kagalasimo? Tiuzeko nafe, ifenso mano tili nawo."

Ndinayamba kuwafotokozera m'Chichewa, ndipo kuyambira tsiku limenelo Loweruka linakhala la mabuku. Sindinakumanepo ndi wowerenga wovuta ngati amayi anga, munthu amene sanatsegulepo ngakhale tsamba limodzi la mabukuwo. Nditawauza za mwamuna wokongola amene amasanduka mmbulu mwezi ukakhwima, anangoti, "Ndiye fisi ameneyo. Kwathu wotere sitim'patsa ngakhale madzi akumwa." Za wina woyamwa magazi sanafune n'komwe kumva mpaka kumapeto. "Mtsikana mpaka kukana kudya chifukwa cha namapopa? Makolo ake akuona ali kuti?" Amene anawasangalatsa anali mfumukazi ina yoyenda pa njoka yamapiko, chifukwa inkadziwa kulamula amuna, komabe anandivutitsa masabata awiri kuti ndiwauze chimene njokayo imadya ndi amene amasesa pamene imagona.

Mng'ono wanga, amene amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chishona, ankawerenga mabuku omwewo. Iye ankakonda amuna okwinya nkhope, osalankhula, oti mtsikana azichita kulota kuti akuganiza chiyani. Amayi akayamba kuweruza, iye ankagwira mutu n'kunena kuti, "Mhamha, ibhuku chete iri!"

"Buku kapena ayi," amayi ankatero, "munthu ayenera kukhala ndi kwawo. Kwawo n'kuti ameneyo?"

Funso limeneli linkandibaya, chifukwa n'kuti ndili ndi nkhani imene ndinkaopa kuitulutsa. Ndinali nditakondana ndi mwamuna wina wowotcherera mageti ndi mawindo ku Nyatsime, kumene nyumba zatsopano zinkamera ngati bowa. Amayi ankamudziwa. Ndi iye anakonza geti lathu litagwa, ndipo akamadutsa ankamuitana, kumufunsa za ntchito, kumunyoza kuti ndi wowonda, n'kumuponyera tomato awiri m'thumba. Ankamukonda monga munthu wa mageti. Koma mwamunayu analibe mbale ngakhale mmodzi pa dziko lino. Anabadwira pa famu, amayi ake anachokera ku Mozambique n'kumwalira iye ali wamng'ono, bambo ake sanawaonepo, ndipo anthu a pa famupo amene anamulera anabalalika kalekale. Ngakhale dzina la mudzi wa amayi ake sankalidziwa.

Ife tinabadwira kuno, koma ukwati kwathu umayendabe ndi ankhoswe, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Ndipo ndinali nditamva ndi makutu angawa amayi akunena za mwana wa aneba athu amene anatengana ndi mwamuna wosadziwika kwawo. "Akamuvutitsa akadandaula kwa yani? Kukagwa maliro uthenga tiutumiza kuti?" Ndinkadziwa kuti amayi akakana sindingathe kuwadumpha, ndiponso sindinkafuna kumutaya munthuyo. Ndinkangomuuza kuti adikire, ndipo chaka chinali pafupi kutha akudikira.

Ndiye ndinapeza buku lina. Linali la mwamuna wotembereredwa kuti asafe, amene anakhala zaka mazana anayi yekhayekha m'nyumba ya miyala pamwamba pa phiri, abale ake onse atatha. Anakonda mtsikana wophika buledi m'tauni ya m'munsi mwa phirilo. Nditangowerenga masamba oyamba ndinaona kuti mwayi wanga ndi umenewu. Amayi akamukonda wopanda abale wa m'buku, ndinaganiza choncho, wanga wa ku Nyatsime adzalowera pomwepo.

Vuto linali lakuti mwamuna wa m'bukuyo anali wamwano. Anali wolemera, wonyada, wosapereka moni, wolankhula ndi anthu ngati akuwakomera mtima. Amayi akanamutaya pa Loweruka loyamba. Choncho ndinayamba kumukonza. Sabata yoyamba ndinamupatsa ulemu, akumavula chipewa pamaso pa akuluakulu. Sabata yachiwiri ndinamuchotsera antchito onse, akumachapa yekha zovala. Yachitatu anali atasiya vinyo. Mng'ono wanga anandiyang'ana m'mbali nati, "Sisi, hazvimo izvi," kutanthauza kuti zimenezi m'bukumo mulibe, ine n'kumuponda chala pansi pa tebulo. Amayi ankangomvetsera akusanja tomato, osaweruza monga mwa masiku onse, ndipo ine mopusa ndinkati nyambo yagwira.

Loweruka lachinayi ndinapyola malire. M'bukumo munali mizimu yoipa imene inkafuna kulowa m'nyumba ya mtsikanayo, ndipo mwamunayo anaitchinga ndi mawu amatsenga. Ine matsengawo ndinawaopa, podziwa amayi. Ndinanena kuti anamupangira geti lachitsulo ndi manja ake, lolimba, losalira potsegula. Pakamwa panatsetsereka, ndinaonjezera kuti mikono yake inali ndi timabala ta moto ndipo maso ake ankafiira chifukwa cha kuthetheka kwa zitsulo.

Amayi anaika tomato pansi.

"Taima kaye. Zaka mazana anayi, chuma chodzaza phiri, lero wayamba kuwotcherera mageti?"

Amayi anaonjezera funso lina.

"Magetsi akuwatenga kuti kuphiriko, ife kuno atithimitsira kuyambira dzana? Kapena ali ndi jenereta ngati uja wa ku Nyatsime?"

Mng'ono wanga anaseka mpaka kugwera pa mulu wa masamba. Ine manyazi anandigwira, kenako mantha, kenako misozi inangobwera yokha, mkazi wamkulu kulira pa msewu anthu akudutsa ndi zigubu za madzi. Ndinawauza zonse, ngakhale zinaoneka kuti panalibe chatsopano chimene ndinkawauza.

"Maso ndi amene anafa, mwanawe, makutu ali moyo," anatero. "Geti lomwe lija anabwera kudzaliona kasanu. Geti lanji lodwala chotero?"

Anadikira kuti ndipukute nkhope, kenako anapereka chiweruzo chawo pa bukulo, ndipo mpaka lero sindinamvepo wina aliyense akuliwerenga motero. "Wa m'buku uja ndamukana, ngakhale unamusambitsa chotani. Sindikumukanira kuti abale ake anatha, imfa siichita kufunsa. Koma zaka mazana anayi, osapeza ngakhale munthu mmodzi wodya naye mbale imodzi, woti angaimirire n'kunena kuti uyu ndikumudziwa? Pamenepo vuto si temberero ayi. Ameneyo ndi wouma mtima, ndipo mtsikana wa bulediyo adzalira yekha kuphiriko."

Kenako anandifunsa za munthu amene sindinkamuyembekezera m'nkhaniyi. Tili ndi bambo aakulu ku St Mary's, dera lina la ku Chitungwiza konkuno, mkulu wa malemu bambo anga, amene anali nkhoswe pa ukwati wa makolo anga. Tinakula tikuwagwadira, ndipo ndi iwo anatsogolera maliro a bambo.

"Bambo ako aakulu aja, ukuganiza kuti ndi ndani?"

"Si achimwene awo a bambo?"

"Bambo ako anali a ku Dedza. Iwo aja ndi a ku Mulanje. Anakumana pa lole pobwera kuno, onse ali anyamata opanda nsapato, n'kufunda bulangete limodzi mpaka kupeza ntchito. Bambo ako atandifuna, akwathu anati bweretsa munthu. Akanamutenga kuti mbale, kwawo kuli kutali chotero? Anabweretsa wa pa lole uja."

Amayi anapitiriza kuti anthu ambiri amene timawatcha amalume ndi azakhali kuno ndi abale a pa njira, ndipo aliyense wamkulu amadziwa koma palibe amene amaona chifukwa chozinenera. Anati bambo aakuluwo unkhoswe wawo sanaugonere. Makolo anga akayambana, ankabwera pa njinga ngakhale kukugwa mvula, ndipo kawiri konse anawakalipira bambo pamaso pa amayi.

"Nanga za mwana wa aneba zija munkanena?" ndinafunsa.

"Mwamuna wake uja anauzidwa kuti abweretse munthu, iye n'kuyankha kuti safuna munthu pa nkhani zake. N'zosiyana. Ndiye pita ukamufunse wakoyo ngati ali naye womuimira. Asakagwire munthu pa bala n'kumuveka jekete, ndidzadziwa. Ndikufuna woti ndikamutumira uthenga adzabwera."

Nditamufunsa, anakhala nthawi yaitali akutembenuza chitsulo m'manja. Kenako anatchula mdala wina wa Chishona amene anamuphunzitsa ntchito, amene anamusunga kuseri kwa shedi yake zaka zingapo asanapeze pake. Koma ankaopa kukamupempha. Ankati kuphunzitsa munthu ntchito ndi kwina, kumutcha mwana wako ndi kwina, ndipo mdalayo akakana ndiye kuti watsala wopanda aliyense zenizeni. Masabata awiri anatha akuzengereza. Ine masiku amenewo sindinawerenge buku lililonse, m'kombi ndinkangoyang'ana pa windo.

Mdalayo anabwera Lamlungu lina masana, atavala jekete lomukulira, akuwomba m'manja kuyambira pa geti monga amachitira kwawo. Anakhala pa balaza ndi amalume anga, mlongo wawo wa amayi. Mwambo wathu sankaudziwa, moti amalume anachita kumufotokozera kuti unkhoswe suthera pa tsiku la ukwati, ndi katundu wa moyo wonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Uyu mwana wangu. Akatadza, huyai kwandiri." Ndinamva mawu amenewa ndili kukhitchini ndi amayi, kuti uyu ndi mwana wanga, akalakwa mubwere kwa ine, ndipo ndinayang'ana nkhope yawo kuti ndione chimene akuganiza. Sindinaonepo kanthu. Amalume anangoyankha mlendoyo kuti tamva, tikuyankhani, ndipo sabata yonse amayi sanatchule nkhaniyo ngakhale kamodzi. Ine ndinaonda sabata imeneyo.

Loweruka lotsatira tinali pa tebulo paja, ine ndikuyesa kufotokoza buku lina la mtsikana wolankhula ndi akufa, koma mtima uli kwina. Wanga wa ku Nyatsime uja anatulukira pa kona ya msewu, ndipo anapereka moni kwa aneba mokweza. Amayi atangomva mawu ake anadzuka msangamsanga, munthu wodandaula mawondo tsiku lililonse, anakoka chitenje n'kufunda kumutu, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba osayang'ana m'mbuyo. Anasiya ngakhale kasitomala ali chiimire ndi masamba m'manja.

Wa mageti uja anaima pakati pa msewu. Nkhope yake inagwa moti sindidzaiwala. Anali atazolowera kuitanidwa, kunyozedwa za kuwonda, kuponyeredwa tomato, ndipo lero munthu yemweyo wamuthawa ngati waona chilombo.

"Andikana," anatero motsitsa mawu. "Ndinadziwa."

Ine n'kuti ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Akanadziwa bwanji, munthu wokula wopanda apongozi a wina aliyense oti aonereko? Kwathu mayi sayang'anizana ndi mwamuna wa mwana wake, sakhala naye pamodzi, akakumana pa njira amapatuka. Wa mageti ungacheze naye mmene ungafunire. Amene umamuthawa ndi mkamwini.

Ndisanathe kumufotokozera, mawu a amayi anamveka kuchokera kuseri kwa khoma, akulankhula ndi ine koma mokweza kuti afike pa msewu.

"Iwe, uwauze apongozi angawo alowe m'nyumba. Asaime pa msewu ngati alibe kwawo."