Lumbiro la Mayi Ersilia

Mayi Ersilia Tamburrini anali amantha chibadwire. Tinkakhala moyandikana ku Borgo, kuseri kwa mpanda wa Vatikani, ndipo ndinkawaseka kuti ngakhale nkhunda ikauluka amagwira pamtima. Ntchito yawo inali yomasulira m'Chingerezi zikalata za anthu osamukira ku Australia. Chikalata chilichonse ankapita nacho kukhoti kukalumbira kuti sanawonjezere kapena kuchotsapo kanthu. Wolumbira bodza ankamangidwa.

Tsiku lina kunabwera Bambo Quirino, mmodzi mwa amuna khumi ndi awiri amene ankasenza Papa pamapewa, iye ali pampando wake. Udindowu timautcha sediario, ndipo kwathu kuno munthu wotere timamuvulira chipewa. Mwana wawo Clelia ankakakwatiwa ku Melbourne, tsono akuchimuna anafuna chikalata chonena ntchito ya bambo ake.

Mayi Ersilia anasanthula mabuku awo onse, dzina la udindowo m'Chingerezi osalipeza. Anati angolemba kuti wonyamula mpando.

"Mayi inu, mukufuna asewere anga aziti ndine mtengatenga wa kusiteshoni?" anatero Bambo Quirino. "Lembani kuti nduna ya Papa. Ukwatiwu ukapasuka, mlandu ndi wanu."

Masiku atatu chakudya sichinalowe m'kamwa mwa Mayi Ersilia. Uku ankaopa ndende, uku misozi ya mtsikana amene anamuona akukwawa. Mapeto ake analemba kuti nduna. Kukhoti ndinawaperekeza ndine. Posayina, cholembera chinagwa kawiri, koma kalaliki anangodinda osayang'ana n'komwe.

Kuyambira tsikulo sanapondenso kukhoti. Anthu a zikalata ankawabweza pakhomo, n'kumadyera kusoka madiresi. Wapolisi akadutsa mumsewu ankabisala kuseri kwa katani, wapositi akagogoda thukuta kamukamu. Ine zinkandikwiyitsa, ndinkawakalipira kuti palibe amene ali nazo ntchito, koma mantha alibe makutu. Zinatero zaka makumi awiri.

Bambo Quirino atamwalira, Clelia anabwera kumaliro ndi ana ake akuluakulu, ndipo anadzatipatsa moni. Mayi Ersilia anamukokera pambali, milomo ili gwaa.

"Mwana wanga, chikalata chija palibe amene anafunsa?"

"Chiti? Oo, chija. Apongozi anga sanachiwerenge n'komwe, amayi. Ankangofuna kuona chidindo."

Mayi Ersilia anagwedeza mutu n'kulowa m'nyumba. Ndinawamva akukhoma chitseko, loko wapamwamba kenako wapansi, monga mwa masiku onse.