Kachidole Kuseri kwa Mpando

Ana ndi makolo omwe ankawatchula kuti Anti, moti dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Malo awo olelera ana anali kumbuyo kwa shopu ya zitsulo: chipinda chimodzi, mphasa, timipando tapulasitiki tothyoka miyendo, ndi ndowa pakhomo. Ali mwana sukulu anaisiyira panjira, ndipo chilonda chimenecho sichinapole. Munthu wophunzira akangoti odi, Anti ankayamba kusesa pamene asesa kale.

Ndiye tangoganizani tsiku limene kunabwera Adokotala a ku yunivesite. Sanali dokotala wa jakisoni ayi. Ntchito yawo inali kufufuza mmene ana amaphunzirira kulankhula, makamaka mawu onena za malo, monga pansi, pamwamba, mkati ndi kuseri. Anabwera ndi kanyumba kamatabwa kokhala ndi kampando ndi katebulo. Ankabisamo kachidole, n'kufunsa mwana kuti kali pati. Anapempha kuti azibwera Lachisanu lililonse, ndipo anati palibe choti Anti akonzekere.

Anti anavomera ndi pakamwa, koma mumtima anati amenewa ndi mayeso basi. Ana akalephera, anthu adzati chiyani? Adzati mbuli ikulera mbuli zinzake. Choncho anatola katoni ya sopo, n'kuiboola zitseko, n'kusoka kachidole ka nsanza. M'mawa uliwonse ankawaimbitsa anawo kuti kuseri kwa mpando, pansi pa tebulo, mpaka mawu kusasa. Anti sanawauze Adokotala zimenezi. Kodi mlendo mumamuuza kuti mwasambitsa ana chifukwa cha iye?

Likafika Lachisanu, ana ankayankha mosajejema, Adokotala n'kumalemba nkhope ikuwala. Pamapeto pake anatulutsa pepala la kafukufuku lonena kuti ana aang'ono amamvetsa mawu akuti kuseri msanga kuposa mmene akatswiri ankaganizira. Pepalalo linayenda. Ofufuza a m'mayiko ena ankalitchula m'mabuku awo, ophunzira ankalembapo mayeso, ndipo Adokotala anakwezedwa pa ntchito.

Pa phwando lowathokoza, Adokotala anaitana Anti, n'kuwaimika kutsogolo kwa anthu a masuti. Bambo wina wa imvi anafunsa moseka chinsinsi cha ana anzeru chotere. Anti anakonza kaye duku.

"Chinsinsi ndi khama, bambo. Ndinkawaphunzitsa mayankho m'mawa uliwonse. Kanyumba kanga ka katoni ndikadali nako."

Palibe amene anaseka. Mayi wina anaika tambula yake patebulo pang'onopang'ono. Adokotala anawagwira dzanja Anti, n'kupita nawo pakhonde. Kumeneko anawafotokozera mofatsa kuti iwo ankafuna kudziwa zimene ana amadziwa paokha, asanaphunzitsidwe. Tsopano pepala lonse linayenera kuchotsedwa, ndipo onse amene analikhulupirira anayenera kuuzidwa. Anawonjezera kuti wolakwa ndi iwo eni Adokotalawo, chifukwa sanawafunse Anti ngati ankawaphunzitsa anawo. Mawu amenewa ndiwo anawawa kwambiri. Kukanakhala bwino akanangowakalipira.

Manyazi anawadwalitsa Anti. Katoni ija anaiwotcha. Akamva galimoto ikuima panja, ankathawira kukatsuka makapu oyera kale. Kholo lina logwira ntchito ku yunivesite linawauza kuti Adokotala atsitsidwa pa udindo uja, ndi kuti ophunzira awo ena asamukira kwa aphunzitsi ena. Tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Patapita miyezi, Adokotala anabweranso, ataonda, kanyumba kamatabwa kali m'manja. Anati akufuna kuyambiranso ndi ana atsopano, ngati Anti angalole. Anti anangogwedeza mutu movomera, maso ali pansi.

"Koma mayi, ndikupempheni. Musawaphunzitse kanthu, ndipo tikamafunsa, inu muzikhala panja."

Anti ananyamula kampando ka ana, n'kukakhala padzuwa, kunja kwa chipinda chawochawo. Woyamba kufunsidwa anali mdzukulu wawo wamkazi. Kudzera pawindo anamva Adokotala akufunsa kuti kachidole kali pati. Mwanayo anati, "Uko." Atamufunsanso, anati, "Uko, uko."

Yankho linali pa lilime la Anti, lathunthu. Anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri, misozi ikutsikira pa zala.