Njerwa Zimene Tinaumbira Chipatala

Sindine munthu wolankhulalankhula. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, kenako ndinalowa ku esiteti kukadulira tiyi. Msana utayamba kukana kuwerama m'mizere, ndinaphunzira kuumba njerwa. Ndilemba zimene ndinaona, basi.

Ndinakwatira m'mudzi wina kuseri kwa Nkando. Kwathu kuno mwamuna ndiye amapita kwa mkazi. Munda ndi wa mkazi, malo a nyumba ndi a mkazi, ana ndi a mkazi ndi alongo ake. Iwe mkamwini uli ndi khasu ndi njinga. Anzanga ankandiseka ndikamadzala mitengo, ati tsiku lokuthamangitsa udzaisenza pamutu? Ine ndinadzalabe. Mango kuzungulira nyumba, bulugamu m'malire mwa munda, mibawa kumtsinje. Inakula limodzi ndi ana athu. Pamudzi ponsepo chimene ndinkati changa chinali mitengo imeneyo.

Akazi anga anadwala mtima. Miyendo inkatupa, mpweya unkawathawa. Chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ija, chikatsika kuphiri ankagona chokhala, atatsamira khoma. Ndinkawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala chathu chakale. Kuchipatala cha Mishoni kunali kutali kwa munthu wobereka wodwala pakaliyala.

Chipatala chakalecho chinamangidwa ine ndisanabadwe. Malata anachita dzimbiri. Mvula ikagwa, anamwino ankakoka mabedi n'kutchera mabeseni. M'denga munali mileme, fungo lake linkaposa la mankhwala. Mabedi anali ochepa. Ukachedwa unkayala mphasa pansi, pakati pa bedi ndi bedi, kapena pakhonde. Anamwino sindiwanena, ankayesetsa. Nyumbayo ndiyo inali itatha.

Akazi anga anagonekedwako kangapo, nthawi zonse pansi. Simenti imazizira, imalowa m'mafupa. Tsiku lina tikubwerera, ali kumbuyo kwa njinga atandigwira malaya, anati:

"Abambo, ine kufa sindiopa. Koma pansi paja ayi. Nditangogonako pabedi kamodzi, ngati munthu."

"Mudzagona," ndinatero.

"Mudzandigulira inuyo? Mwakanika kugula mabuleki a njingayi."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinasunga mawuwo.

Chaka china kunabwera magalimoto. Anthu a majekete anaima pabwalo la sukulu nati chipatala chakale chatha ntchito. Amanga chatsopano, chachikulu, cha dera lonse, mpaka anthu a kumalire azidzabwera kuno. Ankafuna malo. Amene anawakonda anali kumtunda, pafupi ndi msewu, ndipo pakati pake panali munda wa akazi anga, umene ankalimamo nandolo ndi chinangwa.

Anasankha komiti. Wapampando anakhala alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga, mwinimbumba wa pamudzipo. Munthu wa pakamwa pokoma, wa nsapato zopolisha ngakhale m'dzinja. Anabwera kunyumba.

"Achemwali, mundawu tiupereke. Mudzangoyenda pang'ono, mwalowa m'wodi. Alamu adzapumule kukupalasirani."

Akazi anga sanachedwe. Anati autenge. Anangopempha kuti akolole kaye nandolo. Unali munda umene anasiyiridwa ndi amayi awo, ndipo tinalibe wina.

"Nanga inu alamu," anatembenukira kwa ine, "mwangoti duu? Chikombole chanu chija mwasiyira chiswe?"

Apa ndifotokoze. Kuno chitukuko chimayenda motere kuyambira kale: mudzi umaumba njerwa, umatuta mchenga ndi miyala, akuluakulu amabweretsa simenti, malata ndi amisiri. Sukulu tinamanga choncho. Nyumba za aphunzitsi choncho. Anthu a majekete aja za njerwa sananene. Ifenso sitinafunse. Ungafunse bwanji chinthu chodziwika? Alamu anangoti, "Adzatipeze tili okonzeka, angadzasamutsire chipatala kwina." Tonse tinavomera.

Mvula itasiya tinayamba. Tinagumula chulu. Amayi ankatunga madzi, amuna tinkaponda matope. Ine ndinali pachikombole kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Anabwera a tchalitchi, anabwera Asilamu a pamsika, anabwera a ku esiteti akaweruka Loweruka. Aliyense anali ndi m'bale amene anagonapo pansi paja. Akazi anga sakanatha kusenza ndowa. Ankatiphikira nyemba za kalongonda, ntchito ya tsiku lathunthu, atakhala pansi. Nthawi zina ndinkawatengera panjinga kuti akaone. Ankakhala pamwala n'kumaloza.

"Wodi ya amayi idzakhale apa, pamene ndinkadzala nandolo. Zenera lidzayang'ane kuphiri."

"Auzeni achimwene anu," ndinkatero. "Ine ndine wa matope."

Njerwa zitauma tinasanja uvuni. Waukulu choncho sindinauonepo. Tinaumata bwinobwino. Panatsala nkhuni, ndipo nkhuni kuno kulibe. Kumtunda ndi tiyi, kuphiri a zankhalango amagwira odula mitengo.

Masiku omwewo alamu anaitanidwa ku boma, kumsonkhano wa za chipatalacho. Atabwerako anafika pakhomo panga. Anakhala pansi pa mango. Inali nyengo imene mango amachita maluwa, njuchi zili wuu.

"Alamu, mitengo yanuyi."

"Yatani?"

"Njerwa zosaotcha mvula ikabwera zisungunuka. Thukuta la mudzi wonse libwerera kuchulu. Ndiye chipatala cha achemwali kaya."

"Ena alibe mitengo?"

"Ife eni mudzi ulesi. Wodzala mitengo pano ndinu nokha, obwera. Mwatichititsa manyazi." Anaseka. "Mudzadzala ina. Manja muli nawo."

Ndinayang'ana akazi anga. Anali pamphasa, miyendo yotupa atayikweza pamtondo. Sanandiyang'ane. Ndinalowa m'nyumba kukatenga nkhwangwa.

Bulugamu ndinagwetsa yense. Mibawa ndinagwetsa. Wa mango ndinasiya umodzi wokha, umene akazi anga ankakhala pamthunzi pake. Pakhomo panayera ngati pabwalo la mpira. Uvuni unayaka masiku angapo, ine ndili pamakomo pake kusonkhezera, nsidze zinapserera. Titaphwasula, njerwa zinatuluka zofiira, zolira ngati chitsulo ukazigogoda. Moyo wanga wonse sindinaotchepo zabwino ngati zimenezo.

Kenako zii. Dzinja linadutsa. Udzu unamera pamulu wa njerwa. Ife tinkalima kachigawo kobwereka kudambo, chimanga chake chachikasu ndi madzi. Akazi anga anagonekedwanso, pansi pomwe paja.

Chaka chotsatira kontilakitala anafika. Anatchinga malo onse ndi mpanda wa malata. Malole anayamba kutsitsa mabuloko a simenti, otuwa, a mabowo. Mulu wathu unatsala kunja kwa mpanda. Ndinadikira. Ndinati mwina zathuzi ndi za makoma a m'kati. Makoma atafika m'chiuno ndinapita pageti kukafunsa folomani, woyang'anira amisiri. Anali munthu wabwino. Ndinamupeza akudya chinangwa chootcha.

"Njerwa zathu mutenga liti?"

"Ziti, madala?"

Ndinaloza.

"Zootchazo? Sitimangira zimenezo masiku ano. Lamulo likukana. Zimatha mitengo."

Folomani anapitiriza:

"Komatu a komiti anu anauzidwa. Ku boma kuja chaka chatha, inenso ndinalipo. Wapampando wanu anafunsa yekha. Anati taumba kale, tatsala n'kuotcha. Anamuyankha kuti musavutike, musaotche, sitidzazitenga. Sanakuuzeni?"

Ananyema chinangwa kundipatsa. Ndinakana.

Msonkhano wa ku boma unali womwe uja. Munthu anachoka kumeneko atamva ndi makutu ake, n'kudzakhala pansi pa mango anga kupempha nkhwangwa.

Akazi anga sindinawauze. Panalibe chifukwa, zinaoneka zokha. Pasanapite nthawi ngolo zinayamba kututa mulu uja, kuwolotsa msewu. Moyang'anana ndi geti la chipatala panayamba kukwera mzere wa zipinda. Mashopu kutsogolo, za lendi kumbuyo, zodikira anamwino ndi anthu odzadwazika abale awo. Mwini wake alamu.

Ndinawapeza pamenepo akuyeza khomo ndi chingwe.

"Munadziwa," ndinatero.

"Alamu, mwadzuka bwanji kaye."

"Munadziwa tisanaotche."

"Nanga ndikanatani? Anthu ataumba kale, ndiwauze kuti zonse zija n'zachabe? Akanandigenda. Ndinati bola zipse, zidzagwira ntchito ina. Komiti inagwirizana. Ichinso n'chitukuko. Anamwino azidzagona patchire?"

"Mitengo yanga."

"Yanu?" Anapinda chingwe pang'onopang'ono. "Inamera padothi la ndani, alamu?"

Amisiri anasiya kugogoda. Mphamvu zowagwetsa alamu ndinali nazo. Koma mkamwini akamenya mwinimbumba, mawa lake amanyamula mphasa, ndipo kunyumba kunali munthu wofunika kumukweza panjinga. Ndinabwerera.

Akazi anga anamva zonse kwa amayi ochokera pamjigo. Kenako anati:

"Ameneyo ndinamubereka kumbuyo ali khanda."

Ndinati ndiitanitse bwalo. Anakana.

"Mukatsutsana ndi ndani, komiti yonse inadyako? Zisiyeni, abambo. Chipatala chikukwerabe. Bedi langa lili momwemo."

Ntchito inkayenda, kuima, kuyendanso. Anafolera, anaima. Anaika mazenera, anaima. Chifukwa chake palibe ankatiuza. Popita kuchipatala chakale tinkadutsa pampanda wa malata uja. Akazi anga ankandikoka malaya kuti ndiime, asuzumire pampata. Kutsidya la msewu sankayang'anako.

"Apaka utoto," ankatero. "Ndipirira pang'ono."

Anapirira ndithu. Koma chiperoni cha chaka chimenecho chinabwera cholimba. Ndinawafikitsa kuchipatala chakale mmawa, wodi itadzaza. Namwino anayang'ana uku ndi uku, anapepesa, anatithandiza kuyala mphasa pafupi ndi khomo. Ndinavula jekete n'kuwayalira kumsana. Amuna saloledwa kukhalitsa m'wodi ya amayi, koma tsiku limenelo palibe anandithamangitsa. Anamwalira masana, pansi.

Pamaliro alamu analankhula bwino. Anati mlongo wawo anapereka munda kuti anthu azichira. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinkayang'ana zala za kumapazi kwanga.

Nthawi yomanga chiliza itakwana ndinapita kwa iwo. Chikwatirireni sindinapemphepo kanthu kwa munthu ameneyu.

"Ndikufuna njerwa. Za pamanda."

"Zinatha, alamu, onani nokha. Koma kuseriko kuli zoduka. Mukafuna katoleni."

Ndinatola. Masana, anthu akuona. Ndinkaika m'thumba, kumanga pakaliyala pamene ankakhala akazi anga, n'kukankha njinga mpaka kumanda. Ndinabwereza mpaka zinakwana. Zoduka zimavuta kumangira, sizigwirana msanga. Ndinamanga ndekha. Zina zinali ndi chizindikiro cha chala changa, pamene ndinkadina pozichotsa m'chikombole. Chiliza chinatuluka chokhota pang'ono mbali ya kumutu. Ndinachisiya choncho.

Kenako anandisudzula, monga mwa mwambo. Mkazi akamwalira, akuchikazi amakumasula kuti ubwerere kwanu. Woyendetsa mwambowo anali alamu omwewo. Mwana wanga wamkazi, amene ali pabanja pamudzi pomwepo, anati nditsale, azindisamala. Ndinakana. Sindikanatha kudzuka tsiku lililonse n'kumaona zitsa. Ndinamanga khasu, chikombole ndi bulangeti panjinga, n'kubwerera kwa mlongo wanga kufupi ndi Chonde.

Chipatala anatsegula patsogolo pake. Akuti kunali magule, alamu anakhala mzere wa kutsogolo. Ine sindinapite.

Ndinapitako kamodzi, bondo litatupa. N'chabwino, sindinama. Pansi matailosi, denga losadontha, magetsi masana. Ndikudikira mankhwala ndinayenda m'khonde mpaka kumapeto. Wodi ya amayi anaiika kumunsi. Mazenera ake amayang'ana kumsewu, ku mashopu a alamu. Pamene panali nandolo ndi poimika magalimoto.

Pafupi ndi khomo la wodiyo panali bedi lopanda munthu. Ndinaima n'kuligwira. Matiresi ake okhuthala, okutidwa ndi pulasitiki, bulangeti lopindidwa kumiyendo. Ndinadina ndi dzanja, analowa, anabwereranso. Namwino wina anafika.

"Agogo, mwasochera? Wodwala wanu ali bedi liti?"

"Alibe," ndinatero. "Anamwalira chisanathe ichi."

Anati pepani. Anandilozera njira ya kumankhwala.

Potuluka pageti ndinamva mawu kutsidya la msewu. Alamu anali pakhonde la shopu yawo, atanenepa, khoma lofiira lili kumbuyo kwawo.

"Alamu, mwatitaya chonchi? Bwerani mumweko tiyi."

Ndinakwera njinga.

Bondo likatupa masiku ano ndimapita ku Mishoni. Popalasa limapweteka. Ndimapitabe.