Chopserera cha ku Napoli

Kwathu kuno ku Kasina, munthu akatchula buledi, dzina lotsatira linali la a Kalisto. Anaphikira ansembe zaka makumi awiri, ndipo uvuni wawo wa njerwa ankaudziwa ngati mwana wobereka okha. Ankangopisamo mkono, basi adziwa kuti moto wakwana. Buledi wawo ankatuluka wofiirira bwino, wopanda ndi kadontho komwe kakuda. Koma matama ake, mayo ine! Lamulo lawo linali limodzi: chopserera n'cha galu.

Lamulolo linkafika mpaka kunyumba. Akazi awo, a Magadalena, ankaphika chigumu mumphika, makala pansi makala pamwamba, ana akuwakoka chitenje uku ndi uku. Chikangopserera m'mbali, a Kalisto ankatsitsa mbale pansi n'kuitana galu, ngakhale alendo ali pomwepo. Mayiwo ankawerama n'kutola mbale yawo.

M'chaka cha 1950, Bambo Norbert, wansembe wokalamba wotupa miyendo, ananyamuka kupita ku Roma, ndipo anatenga a Kalisto kuti aziwagwiriziza panjira. Sitima ya pamtunda mpaka ku Beira, kenako ya pamadzi milungu itatu. A Kalisto anapita ndi jekete yobwereka komanso nkhawa imodzi. Anzawo obwera ku Joni anali atawauza kuti kwa azungu munthu wakuda amapatsidwa zotsala. Analumbira chamumtima kuti iwo, ophikira ansembe, sadzalola kunyozeka.

Anatsikira ku Napoli dzuwa lili paliwombo, njala itawagwira zolimba, n'kulowa m'kanyumba kodyeramo pafupi ndi doko. Mwini wake, mayi wonenepa wa imvi, atangowaona anaomba m'manja. Anawakhazika patebulo la pawindo, n'kukankha wantchito amene anali pauvuni, nayamba kukanda ufa yekha. Ankalankhula ngati mvula ya matalala, koma a Kalisto sanatolepo liwu ndi limodzi lomwe.

"Chimene chikubwerachi amati pitsa," anatero Bambo Norbert.

Chinabweradi: chimkate chophwatalala ngati lichero, pamwamba matimati ndi tchizi wosungunuka. Koma m'mbalimo! Matuza akuda bii, opserera osachita kufunsa. Mtima wa a Kalisto unawira. Eya, zija ankanena a ku Joni zija ndi zimenezi! Munthu wa buledi ngati ine andipatse makala? Pafupi ndi mpando wawo panagona galu wa pamalopo. Anatsitsa mbale pansi monga ankachitira kwawo, ndipo galuyo sanadikire kuuzidwa kawiri.

Onse m'nyumbamo anatembenuka n'kuwayang'ana.

"Kalisto," ananong'ona Bambo Norbert, "tayang'anani mbale za anzanu."

Anayang'ana. Ya wansembeyo, yopserera. Ya asodzi patebulo linalo, yopserera. Ngakhale ya bwana wa tayi pakona, yakuda m'mbali chimodzimodzi, ndipo anali akuikukuta mosangalala.

"Kuno amaphika chomwechi, kukoma kwake kuli pomwepo," anapitiriza wansembeyo. "Ndipo mayiwa amanena kuti mlendo wochokera kutali chonchi sangamusiyire wantchito, amuphikira okha."

A Kalisto analakalaka nthaka itang'ambika. Thukuta linatsika m'jekete ya eni ake ija. Mayi uja akanawatukwana bwenzi zili bwino, koma ayi. Anapukuta manja pa epuloni, nawerama, natola mbale yake pansi, n'kubwerera kuuvuni. Kaweramidwe kameneko ndiko kanawalasa. Anali atakaona kambirimbiri pakhonde pawo, osakalabadira. Msana umenewo unali wa a Magadalena.

Mayiyo anabweretsa pitsa ina, naiika patebulo osawayang'ana kumaso. A Kalisto anadya. Kunena zoona inali yokoma kwabasi. Ankafuna kupepesa, koma m'chilankhulo chanji? Anangoomba m'manja pang'onopang'ono mwa kwathu, mayiyo atatembenuka kale.

Bambo Norbert anatsalira komweko kuchipatala, choncho a Kalisto anabwerera okha, popanda mboni. Koma manyazi safuna mboni. Anthu akawafunsa za ulendo, ankasimba za matchalitchi aatali ndi nyanja yopanda tsidya. Za Napoli, kukamwa kunali kotseka.

Sabata yomwe anafika kumudzi, anzawo a kumpingo anabwera kudzawalonjera. A Magadalena anatulutsa chigumu, ndipo mwatsoka chinali chitagwira moto mbali imodzi. Anagwada nacho pamaso pa amuna awo. Galu, wodziwa mwambo wa pakhomopo, anali atafika kale akugwedeza mchira.

A Kalisto ananyema mbali yopsererayo n'kuyamba kutafuna. Anadya yonse, mpaka kutola nyenyeswa ndi chala. Alendo anayang'anana.

"Kodi mwadwala, bambo?" anafunsa a Magadalena.

"Ayi," anayankha maso ali pansi. "Kunja kuja ndinaona kuti chopserera chimadyedwa."

Mayiwo anatola mbale yopanda kanthu ija, naimirira, nawayang'ana nthawi yaitali.

"Zaka makumi awiri ndakhala ndikugwada pano," anatero motsitsa mawu. "Zinachita kufunika mzungu kuti mudziwe?"